Makapasita Awiri ndi Nazale za Kudambo

Buku lopanda chikuto limene ndinagula pamsika wa Nsaru limanena momveka kuti ukazimitsa bokosi loyendetsa mota uziyamba wadikira, chifukwa mkati mwake mumatsala moto. Tsamba limenelo ndinaliwerenga katatu, mpaka kulemba mzere ndi pensulo. Koma tsiku limenelo kudambo, amayi atandizungulira ndi makheni awo m'manja, ndinafuna kuoneka katswiri. Ndinazimitsa, n'kutsegula chivundikiro, n'kupisa chala. Mawu amene ndinakuwa sindingawalembe pano, poti ndimaimba kwaya. Ndinangopezeka ndakhala m'matope, nsapato imodzi ili uko.

"Ndiye amisiri tinkawadikirawo ndi amenewa?" anatero mayi wina. "Bokosi layamba ndilo kuwapatsa moni!"

Ine ntchito yanga ndi mawailesi ndi matochi. Sukulu ya zamagetsi sindinapondeko, aphunzitsi anga ndi mabuku otha amene ena amakulungira mtedza. Anandiitana chifukwa kunalibe wina. Bokosilo ndi limene limalandira mphamvu ya sola n'kuyendetsa mota ya pampu, ndipo pampuyo imakoka madzi a gulu lonse la alimi a fodya a m'mudzi mwathu. Unali mwezi wa Okutobala, mbande zili zanthete pamabedi. Mmisiri wa kutauni anali atanena kuti abwera sabata ya mawa. Nazale singadikire sabata. Amene anali ndi ana akuluakulu ankatunga kutali ndi makheni, koma mayi wina wamasiye, amene sabata imeneyo inali yake yoyang'anira pampu, analibe womuthandiza. Mabedi ake atatu anali atayamba kale kugona.

Nditadzuka m'matopemo, ndinayang'ana bwino m'bokosimo. Makapasita awiri, tizitini timene timasunga moto tija, anali atatupa pamwamba ngati mandasi. Kafani koziziritsa kanali kataima. Nditagwira kuseri kwa bokosi, pazitsulo zotulutsa kutentha, ndinapeza pulasitiki wosungunuka atamatirira, zilembo za thumba la feteleza zikuonekabe. Pansi panali kachidutswa ka luzi.

Ndinamvetsa zimene zinachitika. Masiku atatu m'mbuyomo kunagwa chizimalupsa. Munthu wina anaona mvula ikuwaza bokosi, analimvera chisoni, n'kuliveka thumba, n'kumanga bwinobwino ndi luzi. Ife kuno chinthu chimene timachikonda timachiphimbira: bedi la fodya, mbatata, mwana. Mvula itatha dzuwa linabwerera ndi ukali wake, bokosi n'kupsa lili m'chovala. Nditatukula maso, ndinaona mayi wamasiye uja ataima kumbuyo kwa anzake, akuyang'ana zala zanga.

Apampando a gulu anafika akupukuta thukuta. Anali atalengeza kale kuti amene waononga pampu achotsedwa pamzere wa madzi chaka chino.

"Achimwene, tiuzeni chilungamo. Chaononga n'chiyani? Alipo waseweretsa?"

Ndinakanda pulasitiki uja ndi chikhadabo, n'kumuponya m'thumba la malaya.

"Kutentha, apampando. Bokosili lapsa ndi kutentha."

"Basi?"

"Ndi zimene ndaona mkatimu. Za kunja sindinawerenge."

Bodza sindinanene, koma ndinkadzimva ngati ndaba nkhuku.

Ndinamasula thabwa la mawaya la m'bokosimo, pamene pamakhala makapasitawo, n'kulikulunga m'malaya akale, ulendo panjinga wa ku Namitete. Kumeneko kuli mnzanga wowotcherera zitsulo amene sataya kanthu. Tinafukula mulu wake wa makina akufa mpaka tinapeza makapasita awiri a manambala ofanana ndi otupawo. Iye ankati tiike aliwonse, bola akwane pamalo. Ndinakana, ndipo kamodzi kokha pamoyo wanga buku linandipambanitsa mkangano. Kapasita ali ndi mwendo wa kumanja ndi wa kumanzere, ukasinthanitsa amaphulika, choncho ndinayang'ana kasanu kamzere kosiyanitsa miyendoyo ndisanasungunulire mtovu. Maso anga siakale. Mnzangayo anandigwirira galasi lokulitsa uku akundinena kuti ndikuwotcherera ngati nkhuku ikujompha chimanga. Kafani tinakachotsa m'kompyuta yakufa.

Mawa lake dzuwa litakwera ndinabwezera zonse. Ulendo uno, ndisanapise chala, ndinadikira monga buku linanenera, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu pamzere. Nditayatsa, kanyale kobiriwira kanaphethira, mota inayamba kulira pang'onopang'ono, kenako paipi inatsokomola mpweya ndi matope. Madzi atatuluka panalibe woimba nthungululu, aliyense anangothamangira kumabedi ake. Mayi wamasiye anayamba ndi bedi limene linafota kwambiri, akuthirira motsitsa kheni kuti asagwetse mbande. Theka la bedi limenelo silinadzukenso. Awiri enawo anapulumuka.

Ndisanachoke ndinapempha mitengo inayi ndi udzu, tinamanga kadenga pamwamba pa bokosi, m'mbali monse mosatseka. Ndinauza gulu lonse, maso anga ali padenga, kuti chinthuchi chimapuma ngati munthu, mvula ikabwera chisavekedwe kanthu. Apampando anavomera ndi mutu n'kunena kuti alemba lamulo limeneli m'kope.

Pobwerera ndinatsagana ndi mayi wa nyumba yoyandikana ndi yanga, yemwe uja anati bokosi landipatsa moni. Ndinkakankha njinga, iwo atasenza kheni. Ndinkadziona ngati munthu wosunga chinsinsi chachikulu, mwina ndi kayendedwe komwe kanasintha. Titafika pamphambano anaima.

"Alamu, kapulasitiki kaja mukataye, kangakuonongereni malaya," anatero. "Thumbalo tonse tinaliona, ndipo luzi mayi wamasiye uja ndinamupatsa ndine. Ife timangodikira kuti timve ngati mabuku anuwo anakuphunzitsaninso kutseka pakamwa."