Kukatunga Madzi ku Bowie

Tinanyamuka ku Landover Loweruka, 9 koloko itangokwana, ine ndi amayi. Linali tsiku lachinayi mpope wa m'nyumba mwathu uli gwa. Chiyambire kuzizira koopsa kwa sabata imeneyo, mapaipi a pansi pa msewu ankangophulika, lero apa mawa apo. A kampani ya madzi ankatumiza uthenga pafoni wakuti tiziwiritsa madzi tisanamwe. Bambo wina wachikulire wokhala pansi pathu anauwerenga mokweza pamasitepe nafunsa khoma, "Tiwiritse chiyani? Mphepo?"

Chinatidzutsa ndi mwana. Achemwali anga a Chisomo ali ndi khanda la masabata atatu, Takondwa, ndipo limamwa mkaka wa m'chitini chifukwa wa m'mawere sukukwanira. M'mawa umenewo tinatsala ndi botolo limodzi la madzi abwino. A Chisomo analiyang'ana nati lifika 4 koloko madzulo, osapitirira. M'masitolo atatu a pafupi madzi anali atatha. Galimoto yogawa madzi inabwera Lachisanu, koma anatha ife tili pamzere.

Choncho amayi anaimbira Anti a Tembo, mayi wa ku Zambia amene timapemphera naye, wokhala ku Bowie komwe mipope inkatuluka. "Tikubwera kudzakuonani," anatero amayi, n'kudula foni. Za madzi sanatchule.

Tinatenga chigubu chathu chachikulu cha buluu. Chigubuchi chili ndi mbiri. Madzi atayamba kuchepa mphamvu, amayi anachidzaza n'kuchiika pakhonde, monga ankachitira kwathu ku Area 25 kuti madzi azizizira bwino. Anazizira ndithu, mpaka anasanduka mwala. Tinachisungunulira m'bafa, ndipo tinadabwa kuti madzi achepa chonchi bwanji, koma tinati mwina ndi mmene madzi oundana amachitira.

Njira yopita kusiteshoni inali yoterera ngati sopo. Pamphambano tinapeza dzenje lalikulu, amuna ovala zachikasu ali m'kati. Madzi ankayenda mumsewu ngati kamtsinje, m'mbali mwake akuundana. Mayi wina anaima pamenepo ndi poto wopanda kanthu, akukalipa m'Chingerezi kuti ali ndi ana atatu ndipo chimbudzi chake sangalowemo munthu. Mmodzi wa amunawo, nkhope yotopa, anamuyankha kuti paipiyo ndi yakale kuposa mayi ake omubereka, ndipo akatseka pano mawa iphulika patsogolo.

"Madzi onsewa akungopita," anatero amayi, "ife tikukwera sitima kukawafuna."

Sitima inatidya madola awiri ndi masenti 25 aliyense, ulendo wa siteshoni imodzi yokha mpaka ku New Carrollton. Kumeneko tinadikira basi mphindi makumi anayi. Tinadya mandasi a dzana amene amayi anakulunga m'pepala, olimba ndi kuzizira. Basi itabwera sitinalipirenso, poti khadi lolipirira ulendo limakumbukira kuti wangotsika sitima. Pawindo ndinkaona mitengo yokhayokha yopanda tsamba, ndi nyumba zazikulu, iliyonse ndi galimoto zake pakhomo.

Tinagogoda kwa Anti cha m'ma hafu 11. Anatikhazika pasofa, natipatsa moni mmodzimmodzi. Anafunsa za mwana, za a Chisomo, za sukulu yanga, za mvula ya kumudzi. Amayi anayankha zonse modekha, nawonso nafunsa za a Tembo ndi za ana. Kenaka kunabwera tiyi ndi buledi wa mazira. Ine maso anali pa wotchi ya pakhoma. Ndinawagunda amayi ndi bondo. Anandiyang'ana diso lija limene limatanthauza kuti tikaonana kunyumba. Kwathu mlendo safika n'kuyamba ndi chimene wadzera, ngakhale nyumba ikupsa.

Anti ndiwo anatiombola. Analoza chigubu chimene tinasiya pakhomo.

"Manje imwe ba Phiri, chigubu ichi mwabwela nacho kuchiyendetsa chabe?"

Amayi anaseka, nagwira pakamwa. "Ndiye kuti mwaona, achemwali."

"Masiku angati?"

"Anayi."

"Anayi! Na kamwana mu nyumba! Mukanakamba pafoni. Ba Tembo ayenda na motoka ku nchito, azabwela usiku. Imwe anthu a ku Malawi ulemu uzakupayani."

Anatikankhira kubafa kuti tisambe msanga. Sindidzaiwala madzi otenthawo pamsana panga. Nditatuluka ndinapeza amayi ndi Anti ataima m'khitchini, mapazi ali m'madzi. Chigubu chinali ndi mng'alu pansi, wautali ngati chala, umene madzi oundana aja anasiya. Ankathira pamwamba, pansi chikukhetsa. Tikukolopa, basi ya 1 koloko inadutsa.

Mabotolo onse Anti anali atapatsa banja lina la kutchalitchi dzulo lake. Chinatsala ndi ndowa yoyera imene amafululira thobwa la pa Khirisimasi, yaikulu bwino, koma chivindikiro chinasowa paphwando pomwepo.

"Iyi mu basi? Azakupitikisani," anatero Anti.

Amayi anatsuka ndowayo, naidzaza mpaka kutsala zala zitatu. Anasuzumira pawindo kuyang'ana mitengo, kenaka anapukusa mutu.

"Dziko lopanda tsamba ili. Achemwali, m'firiji mulibe repu?"

Munali mtolo wathunthu. Amayi anatsuka masambawo limodzilimodzi n'kuwayala pamwamba pa madzi mpaka madzi osaoneka. Pamwamba pake anamangapo chitenje. Ndinakumbukira kuti ndili wamng'ono ndinkaona azimayi a kumjigo akuthyola masamba n'kuponya m'ndowa, koma sindinafunsepo chifukwa chake. Ife tinali ndi mpope pakhomo, ndipo ndinkati zimenezo n'za ena.

Basi ya 2 koloko inafika mochedwa ndi mphindi khumi. Tinakweza ndowa tonse awiri. Dalaivala, bambo wonenepa wa ndevu zaimvi, anatambasula mkono.

"Muli chiyani umo?"

Amayi anamasula chitenje. Bamboyo anayang'ana masamba, nayang'ana amayi.

"Ndi msuzi?"

"Madzi," ndinayankha ine, poti Chingerezi cha amayi chimathawa akapanikizika.

"Ayi. Yopanda chivindikiro ayi. Akatayika pansi apa aundana, wina agwa, ine ntchito yatha."

Basi ina inali ya 3 koloko, ndipo nayonso ikanatha kutikana.

"Iwe Tiyamike," amayi anatembenukira kwa ine, "muuze kuti dontho limodzi likagwa, titsika tokha pamalo otsatira. Asachite kutiuza."

Ndinamuuza. Ndinaonjezapo za Takondwa ndi botolo lija, zimene amayi sananditume. Kumbuyo mayi wina wa chipewa chofiira anakuwa kuti iyenso ndi wa ku Landover, wakhala masiku anayi akusamba ndi timapepala tonyowa ngati khanda, ndipo ngati boma lalephera kubweretsa madzi, munthu asaletse amene akudzinyamulira. Ena anavomereza. Dalaivala anapumira m'mwamba.

"Dontho limodzi," anatero, chala chili m'mwamba.

Amayi anakhala pampando wakutsogolo, ndowa pakati pa miyendo, chitenje osabwezerapo kuti aliyense adzionere. Basi inakhota, inadumpha maenje, inaima mwadzidzidzi pamaloboti. Nthawi iliyonse basi yonse inkasuzumira m'ndowa. Masamba ankangokwera pang'ono n'kutsika, ngati chifuwa cha munthu wogona. Mayi wa chipewa uja anasuntha kudzakhala pafupi.

"Ndani anakuphunzitsani zimenezi?"

Ndinamasulira. Amayi anaganiza kaye. "Umuuze kuti mtunda."

Pa New Carrollton dalaivala anadzuka pampando wake, nawerama, napititsa dzanja pansi pomwe panali ndowa. Panali pouma. Anaseka mpaka kutsokomola, natithandiza kuitsitsa yekha.

Tinatsika sitima ku Landover 3 koloko itapitirira ndi mphindi makumi awiri. Apa ndi pomwe panali ntchito, chifukwa kunyamula awiri pamalo oterera kunkatikokera uku ndi uku. Amayi anavula mpango wa m'khosi, naupinda mozungulira kukhala nkhata.

"Nditwike."

"Amayi, kuno? Anthu ationa."

"Akationa madzi achepa?"

Ndinawatwika. Anayenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa njira momwe anawaza mchere wosungunula madzi oundana, msana chilili, dzanja limodzi pandowa. Pafupi ndi sitolo panali atsikana awiri a m'kalasi mwathu. Mmodzi anakweza foni. Ndinafuna kutsalira m'mbuyo ngati sindikuwadziwa amayi, ndipo ndinatsaliradi masitepe angapo. Ndikulemba zimenezi chifukwa n'zoona. Kenaka phazi la amayi linaterereka pang'ono, ndowa inapendekera, ndipo ndinathamanga n'kuwagwira m'chiuno. Tinayenda choncho mpaka kunyumba. Za foni ija sindinaziganizirenso.

Kulira kwa Takondwa tinakumva tili pamasitepe. Botolo linali litatha kale, chifukwa khanda silidziwa wotchi. A Chisomo anali akuzungulira naye m'chipinda, nawonso misozi ili m'maso. Tinawiritsa madzi m'kapoto kakang'ono, n'kuziziritsa botolo lake pakhonde lomwe lija linatiphwanyira chigubu. Anayamwa maso ali tseke, kadzanja katagwira chala changa.

Amayi anatunga poto mmodzi nandituma kwa bambo wachikulire wa pansi uja. Anaulandira ndi manja awiri nati tsopano ali ndi chowiritsa. Repu tinamudula, tinamuphika ndi tomato, ndipo anali ndiwo zathu za madzulo.

Madzi anabwera Lachiwiri, ofiirira ngati tiyi, ndipo paipi ina yaphulika kale kuseri kwa sukulu. Nditabwera kuno zaka ziwiri zapitazo ndinkaganiza kuti pali zinthu zimene tinazisiya pabwalo la ndege, zosafunikanso. Dzulo ndinatenga mpango wanga n'kupempha amayi kuti andionetse kapindidwe ka nkhata. Yoyamba inamasuka. Yachiwiri inakhala, ndipo ndinayenda ndi poto wodzaza kuchokera kukhitchini mpaka kubafa. Ndinanyowa phewa limodzi lokha.

"Waiwala masamba," anatero amayi.