Mawu Asanu a Dothi

Lero ndimaumba zilembo ndi mwana wanga pakhonde, ndipo fungo la dothi lonyowa landikumbutsa ku esiteti ya fodya kumene ndinakulira.

Bambo anga anandisiyitsa sukulu ndili Sitandade 2, nthawi yothyola fodya itafika. Nditalira kwambiri, anati, "Ukadzandiwerengera mawu asanu osaphonya, udzabwerera kusukulu."

Mkulu wanga ankandilembera mawuwo pansi ndi kamtengo, ine n'kumawaumba ndi dothi la pachulu. Ndinkawayanika kuseri kwa chigafa cha fodya kuti mbuzi zisawaponde. Akasweka ndinkaumbanso, mpaka manja anga anachita ming'alu.

Tsiku lina m'mawa ndinawayala pachiguduli, pamaso pa bambo. Ndinawerenga: amayi, madzi, nyumba, buku, galu. Sindinaphonye.

Bambo anawomba m'manja n'kuitana anzawo amene ankasoka fodya. "Tabwerani mudzaone aphunzitsi kuno!" Onse anaseka, nanenso ndinaseka nawo.

"Ndiye mawa ndipita, ababa?"

Anandipatsa singano yaitali n'kundikankhira mulu wa masamba onata.

"Iwe, kuwerenga wadziwa kale. Kusukuluko ukataniko? Takhala apa uzisoka."