Madisiki Opala Kawiri

Galimoto yanga inali yakale, ija yoyendera petulo ndi batire, ndipo ndinkainyadira zedi. Ku sukulu kwathu ku Balaka anzanga ankati imayenda ngati mfiti, phokoso ayi.

Chiwongolero chitayamba kunjenjemera ndikaponda mabuleki, ndinapita kwa amakaniko ena achikulire. Ndinawapeza akuchokera ku mzikiti. Atachotsa tayala, anayendetsa chala pa disiki, chitsulo chozungulira chija chimene mabuleki amagwira. Dzimbiri lokhalokha.

"Aphunzitsi," anatero, "galimoto izi zimadziimitsa ndi mota ya magetsi, zikudzaza batire. Madisiki amangogona, n'kumadyedwa. Koma pa mtsetse wautali batire ikadzaza, mota imasiya, ntchito yonse n'kugwera pa chitsulo ichi."

Ndinati angopala dzimbirilo pa makina.

"Iyayi. Anapala kale mwini wake woyamba. Chatsala chopyapyala. Gulani atsopano."

Ine mkamwa mwanga simuchedwa. Ndinati, "Aaa, inu amakaniko, chilichonse gulani, gulani!" Anangobwezera tayala. Ndinakapalitsa kwina, kunjenjemera kunatha, ndinadzitama sabata yonse.

Loweruka lina tinkabwerera kuchokera ku Machinga boma, ine ndi mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu, atakhala kumbuyo akudya nzimbe. Titayamba kutsika mapiri aja opita ku Liwonde, ndinaona chizindikiro cha batire chikukwera. Masiku onse chinkandisangalatsa. Tsiku limenelo ndinakumbukira mawu a amakaniko aja. Chinadzaza tisanafike ndi pakati pomwe.

Injini inayamba kulira mwachilendo. Kenako fungo la chitsulo chopsa. Ndinaponda, galimoto ikungopita. Kutsogolo kunali lole ya makala, ikutsika pang'onopang'ono. Ndinapondanso ndi mphamvu zanga zonse, pansi panamveka kuti thwa! Mayo ine, ndinaopa. Ndinakhotera ku mchenga wa m'mbali mwa msewu, galimoto inakwekwereza mpaka kuima. Mwana anangoti, "Amayi, nzimbe yanga yagwa."

Anaikoka mpaka ku Balaka, kwa amakaniko omwe aja, poti kwina ndinalibe nkhope yopitira. Ndinkadikira chipongwe, ndipo chinkandiyenera. Iwo anangotulutsa disiki, litang'ambika kuchokera m'mphepete mpaka pakati. Potsegula chitseko chakumbuyo kuti aliike m'galimoto, anaona kansapato ndi makoko a nzimbe pampando. Ananditembenukira, chitsulo chili m'manja.

"Munali naye mwana?"

Ndinatola kansapato kaja, n'kuwapempha kuti aike madisiki atsopano.