Make ndi Kamwana

Achimwene anga anabwerako ku Joni madzi atangoyamba kubwerera m'nyanja ya Chilwa. Anatsika minibasi pa Kachulu ataonda ngati bango. Anzawo ankabwera ndi njinga, ena malata. Iwo anabwera ndi chifuwa, komanso kachipangizo koyezera kutentha, ndipo ine chinandinyansa kwabasi. Munthu wa kwa Mwambo angafune makina omuuza kuti kwatentha?

Kanali ka zidutswa ziwiri. Chachikulu chinali ndi galasi loonetsa manambala, ndipo tinachitcha make. Chaching'ono, kamwana, ankachipachika panja kuti chizitumiza uthenga popanda waya. Miyendo itawakana, achimwene anandituma kukamangirira kamwanako pamtengo wa mango woyang'ana kudambo la mpunga. Make ankagona naye pamphasa. Nambala ikatsika ankati, "Mwera uwo, lero asodzi sapita kutali." Kunja kwawo konse kunali komweko.

Tsiku lina galasi linangoonetsa timizere.

"Chemwali, kamwana kasiya kuyankhula," anandiitana motero.

Ife chimene tinkachidziwa ndi wailesi, ndiye tinakachitira zonse zimene timachitira wailesi. Mabatire ndinawayanika padzuwa pamodzi ndi matemba. Ndinawaluma mpaka mano kuwawa. Amuna anga anamanga waya pansungwi yaitali n'kuukulunga pa kamwanako, koma ayi ndithu, timizere tokhatokha. Mabatire atsopano a mtundu umenewo pa Kachulu panalibe.

Achimwene anaseka, chifuwa n'kuwadula. "Mphamvu zakathera. Sikangakuwe kutali. Kasendezeni kuno."

Ndinakachotsa pamango n'kukapachika pankhokwe, nambala inabwera. Sipanapite nthawi, timizere. Ndinakaika pakhonde, kenako pazenera. Nthawi iliyonse ndikakasendeza ndinkapsa mtima ngati kandilakwira, chifukwa ndinkaona kuti dziko la achimwene likuchepa, ndipo wolichepetsa ndi manja anga omwe. Atasiya kufunsa za mwera ndinalira kuseri kwa bafa.

M'mawa wina anandipatsa make. "Tisinthane. Kamwana ndikhale nako ine m'bulangetemu. Mukamapeta mpunga panjapo muziona ngati thupi latentha, musamavutike n'kulowalowa."

Masana ake matenda anakula. Amalume ndi akulu awiri a mpingo analowa, ife azimayi anatitulutsa. Ndinakhala pakhonde, chitseko chili chotseka, make ali pamiyendo panga. Uthenga unkafika bwinobwino tsopano, khoma limodzi lokha. Nambala inali pamwamba, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinakondwera ndi kutentha thupi.

Kenako inatsika pang'ono. Ndinati mwina mankhwala agwira. Inatsikanso.

Amalume anatuluka, nanong'oneza munthu wa njinga, iye n'kuthamanga. Kwa ife anangoti, "Agona, musasokose." Kwathu maliro salira akuluakulu asanalamule, mpaka uthenga ufike kwa eni mbumba ndi kwa amfumu. Amayi, amene anali pambali panga, anapumira m'mwamba. Anatuma mlamu wanga kuti akatereke phala, wodwala akadzuka amweko.

Ine ndinagwedeza make, ndinamutembenuza, ndinachotsa mabatire n'kuwabwezera. Ndinkapempha Mulungu kuti tibwere timizere tija, ndinene kuti chawonongeka n'chipangizo. Koma tsiku limenelo kanagwira ntchito bwino kuposa masiku onse.

Amayi anasuzumira pagalasi. Manambala sankawadziwa.

"Kakuti bwanji, mwananga?"

"Kakuti thupi lazizira, amayi."

"Ambuye alemekezeke," anatero, n'kudzuka kukathira shuga m'phala.