Sola ya a Mpendadzuwa Sikwera Padenga

A Mpendadzuwa anayendetsa malole kuyambira ali mnyamata mpaka imvi mbuu, ndipo akazi awo anawazolowera ngati mlendo: kufika, kusamba, kusiya zovala zakuda, kunyamuka. Ana anakula akuwadziwira bambo awo ku hutala ya lole. Bamboyo atapuma pa ntchito, mayiwo anati tsopano ndapeza mwamuna. Anadzinamiza. Kukangocha, bamboyo ankapita kudepoti kukacheza ndi madalaivala anzawo, n'kubwera dzuwa litapendeka. Mayiwo zinkawawawa, koma anali atatopa n'kulankhula.

Chinawabweza bamboyo pakhomo ndi sola. Mwana wawo wamkazi anawagulira imodzi, yaikulu ngati chitseko cha kabati, pamodzi ndi batire ndi mababu. Bamboyo anakana kuikhomera padenga, ati akuba a masiku ano amakwera ngati amphaka. Ndiye m'mawa uliwonse ankaitulutsa, n'kuitsamiritsa pa tayala lakale, n'kuipukuta ndi kansanza monga ankachitira ndi galasi la lole. Mthunzi wa mpanda ukaifika, ankaisunthira pafupi ndi mpopi. Masana ankaigoneka chagada. Nkhuku ikangoyerekeza kupondapo, inkamva mawu omwe kale ankamva apanjinga pamsewu. Dzina la Mpendadzuwa anawapatsa ndi oyandikana nawo, poona mmene ankalondolera dzuwa, ndipo eni ake analilandira ndi manja awiri.

Za kudepoti zinathera pomwepo. Munthu angachoke bwanji pakhomo dzuwa likuyenda? Mayiwo ankakokera mpando wawo komwe yapita sola, akusoka, bamboyo akuwafotokozera za m'misewu zomwe anali asanawauzepo. Zina zinali bodza lamkunkhuniza, koma mayiwo ankaseka mpaka misozi. Chikwatiwire anali asanasangalalepo chotere.

Tsiku lina mkamwini wawo anatulukira ndi makwerero, zitsulo ndi mabawuti. Ndi mwana wabwino, vuto lake amathandiza asanafunse. Anati si bwino munthu wamkulu kumanyamula cholemera tsiku lonse, msana udzapweteka. Akaimanga solayo zolimba padenga palibe wakuba angaizule, ndipo apongozi azipita kulikonse kumene afuna. Bamboyo anakanda m'mutu, n'kuvomera kuti ndi nzeru. Mayiwo mtima unangoti myuu, poganiza zokhalanso okha pabwalopo.

Anayamba n'kunena kuti malata ndi akale, nyumba idzadontha. Mkamwini anati amata. Anati mbalame zidzaipitsirapo. Mkamwini anati azibwera kudzapukuta. Zifukwa zitawathera, anamuitanira kukhitchini.

"Mwananga, tsitsani makwererowo. Munthu uyu ndamudikira moyo wanga wonse. Mukaikweza padenga lero, mawa ali kudepoti."

Mkamwini anatuluka n'kukauza apongozi ake aamuna kuti watenga mabawuti olakwika, adzabwera tsiku lina. Tsiku linalo silinafikebe mpaka pano.

Bamboyo sanafunse kanthu, ngakhale munthu wa malole sangalephere kuzindikira bawuti yabwino, komanso zenera la khitchini linali lotsekula. Anamuperekeza mkamwini mpaka pageti, n'kubwerera. Mthunzi unali utayamba kudya ngodya ya sola. Anainyamula, nakaiika poyera, n'kutsokomola pang'ono osawayang'ana akazi awo.

"Bweretsani mpando kuno, mayi. Ine sindikupita kulikonse."