Maakaunti atatu a atate

Atate, lero foni yandikumbutsa katatu kuti ndi tsiku lanu lobadwa, popeza maakaunti anu onse atatu akadalipo. Patha chaka chikuikireni m'manda ku Sinda.

Tsiku lina tikuswa nsawa pakhonde ndinakufunsani, "Bwanji titseke awiriwa, itsale imodzi?" Munakana osadzutsa n'komwe mutu. "Iyi ndi ya akumpingo, iyi ya aphunzitsi anzanga, iyi ya inu ana. Ukasakaniza, abusa adzawerenga mmene ndimakukalipirani." Foni yanu ili ndi ine tsopano, ndipo achimwene akuti nditseke onse. Ndatseka awiri. Ya ife ana ndaisiya, chifukwa muli uthenga wanu umene sindinayankhe: "Wafika bwino ku Katete?" Ndinafika bwino, atate.