Filimu Imene Inkaima pa Mlatho

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu wanga, amene wandisunga m'dziko la eni zaka zonsezi, nandipatsa ntchito ya manja anga ndi pogona. Ndimuyamikanso chifukwa tsiku limene ndinachimwa sanandisiye ndi tchimo langa m'thumba, koma analitulutsa poyera, masanasana, mwana wanga akuona. Zinandipweteka, ndipo mpaka lero zimandipwetekabe, koma Iye ndi wolungama.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Springs, kufupi ndi Joni, ndipo ndimakhala ku KwaThema, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni. Mwana ndili naye mmodzi yekha, wamkazi. Bambo ake atamwalira ndinamusiya ku Dedza m'manja mwa mkulu wanga, ali ndi zaka ziwiri, atangosiya kuyamwa. Ndinkati ku Joni ndikakhalako chaka chimodzi basi. Zinakwana zaka zisanu ndi ziwiri ndisanamuonenso.

Zaka zimenezo msana wanga sunali wopanda mwana. Abwana anga aakazi anali ndi kamtsikana kawo, ndipo ndine amene ndinakabereka, kukasambitsa ndi kukaphunzitsa kugwira supuni. Katakula pang'ono kanakonda filimu ina ya pa chimbale, imene inachokera m'buku la ana lomwe amayi ake ankakawerengera. Kankaionera pafupifupi tsiku lililonse kakaweruka kusukulu, ine ndikusita zovala pambali pake, mpaka ndinailoweza yonse ngati nyimbo ya ku kwaya.

Nkhani yake inali ya mtsikana wina, mwana wa munthu wosoka nsapato. Tsiku lina chimbalame chachikulu chinamunyamula n'kukamutula m'dziko la pamwamba pa mitambo, kumene mbuzi zimayankhula ndipo nyale zimauluka zokha ngati njiwa. Mfumukazi ya kumeneko inalibe mwana, choncho inamukonda mtsikanayo, niimupatsa chipinda chake, madiresi ndi zakudya zimene sanazionepo. Kumapeto kunaoneka mlatho wa zingwe wotsikira kudziko la anthu, ndipo anamuuza kuti mlathowo umaoneka kamodzi kokha.

Mwana wa abwana atakula, amayi ake anaika chimbalecho m'katoni ya zinthu zakutha pamodzi ndi kamakina kake koonetsera, nati nditenge. Umu ndi mmene ife antchito a m'nyumba timapezera katundu wambiri: ketulo yodontha, nsapato imodzi yophwasuka, makatani ocheperapo pa zenera. Ndinalandira ndi manja awiri. Koma chimbalecho ndinachiika pansi pa sutikesi, chifukwa kumpingo kwathu, kumene Amalawi timasonkhana m'kalasi ya sukulu Lamlungu, alipo ena amene amati mafilimu a nyama zoyankhula ndi khomo la ziwanda. Ine sindinkadziwa choona, ndiye ndinangochibisa.

Mwana wanga anabwera mu Disembala, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anabwera naye mayi wina wa kumudzi kwathu amene amayenda pa basi kudzapikula katundu ku Joni, ndipo anayenera kubwerera Chaka Chatsopano chikangodutsa. Ine ndi mkulu wanga tinali titapangana pa foni. "Mwanayu ndi wako," anatero mkulu wanga, "koma usamukakamize. Akanena yekha kuti akhala, akhale. Akati akufuna kuno, umubweze ndi mayi yemweyo." Ndinavomera msanga. Mumtima ndinkati ndi mwana uti angakane mayi wake womubala?

Nditakamulandira pa siteshoni ya mabasi ndinatambasula manja, koma iye anagwada pansi pa simenti, pakati pa zikwama za anthu, monga amachitira mwana woleredwa bwino akaona mlendo.

"Muli bwanji, amayi a ku Joni?"

Amayi enieni kwa iye anali mkulu wanga. Ine ndinali amayi a ku Joni, amene mawu awo amamveka pa foni ndipo nsapato zawo zimafika zothina kapena zokula.

Abwana anga anali atapita kunyanja kutchuthi, choncho ndinali pakhomo masabata awiri. Mwanayo sanachite mwano ngakhale kamodzi. Ankasesa, kutsuka mbale, kuyankha "Wawa" ndikamuitana. Koma m'mawa uliwonse ankapinda zovala zake n'kuzibwezera m'chikwama, natseka zipi. Ndinamukonzera malo pa shelefu, sanaikepo kanthu. Ana a pabwalo ankamuitana m'Chizulu, iye n'kumangowasuzumira pa khomo. Ndinamugulira ayisikilimu, ndinapita naye m'tauni pa tekisi kukaona masitolo, ndinamuluka tsitsi. Zonse ankathokoza mwaulemu, ulemu umene unkandilasa kuposa chipongwe.

Tsiku lachisanu nzeru zinandithera. Ndinapemphera pang'ono, kenaka ndinatulutsa chimbale chija pansi pa sutikesi n'kulumikiza kamakina ku kanema.

Chimbalame chija chitangotsika, mwanayo anasendera kutsogolo. Patapita kanthawi anatembenuka.

"Akuti chiyani? Kwathu ku vidiyo amatimasulira."

Ndinakhala pansi pambali pake n'kuyamba kumasulira. Ndinkadziwa mawu aliwonse asanatuluke. Mbuzi ndinaipatsa mawu a m'mphuno, mfumukazi mawu a mayi wa chigwirizano, ndipo pamene mbuzi inadya chipewa cha msilikali, mwana wanga anaseka mpaka kutsamira pa phewa langa. Kanali koyamba thupi lake kukhudza langa mwa kufuna kwake. Sindinasunthe, ngakhale mwendo unachita dzanzi.

Tinafika pa mlatho. Mtsikana uja anaponda chingwe choyamba, natembenuka kuyang'ana mfumukazi. Pomwepo chithunzi chinauma, nkhope yake n'kusweka timabokosi timabokosi. Ndinatulutsa chimbale, ndipo ndinaona kuti chinali chokandika, mzere umodzi wautali chakumphepete. Ndinachipukuta ndi malaya, n'kuyesanso. Chinaima pomwepo.

"Ndiye anatani?" anafunsa mwana wanga. "Anawoloka?"

Ndinkadziwa bwino lomwe. Anawoloka. Anakapeza bambo ake ali pa benchi, nsapato ili m'manja. Ndinali nditaziona kambirimbiri, ayironi ili m'dzanja. Koma ndinayang'ana chikwama chotseka chija pakona, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu ena.

"Sanawoloke. Anabwerera kwa mfumukazi. Anakhala konko, ndipo anakondwa kwambiri."

"Nanga bambo ake?"

"Ankawatumizira zinthu."

Mwanayo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa lamulo la dziko lachilendo.

Kuyambira tsiku limenelo ankaionera filimuyo m'mawa ndi masana, ine ndikumasulira, mpaka pa mlatho. Ikauma, ankazimitsa yekha osafunsanso. Patapita masiku atatu ndinapeza madiresi ake awiri ali pa shelefu. Mawa lake anatuluka kukaima pafupi ndi ana amene ankalumpha chingwe. Ndikanayenera kukondwa, ndipo mbali ina ndinakondwadi. Koma kupemphera kunandikanika. Ndikagwada, ndinkangoona mlatho. Lamlungu ndinaimba ndi milomo yokha. Ndimadziwa Malemba, ndinkadziwa kuti bodza lili ndi atate wake, ndipo ndinkadziwa kuti nyumba imene ndinkamangayo maziko ake anali pamchenga. Komabe m'mawa uliwonse ndinkati ndimuuza mawa, basi ya mayi uja ikapita.

Pabwalo pathu pali mnzanga wina wa ku Nkhotakota, woluka tsitsi, mayi wa mawu okweza amene salowa m'nyumba ya munthu n'kutuluka osakonzamo kanthu. Tsiku lina masana, kutatsala masiku anayi kuti basi inyamuke, ndinali kuchapa pa mpopi pamene ndinamva mawu ake m'chipinda changa.

"Iwe mwana, nkhope ya mnzakoyo yatani? Watuluka chikuku?"

"Imaima pomwepa, anti."

"Tsiku lililonse? Aa, asisi!" anandikuwira. "Mwana akuonera filimu yoduka mchira inu mulipo? Zaka zonsezi ku Joni simudziwa mankhwala a chimbale? Bweretsa kuno mankhwala otsukira mano, iwe. Amayi akowa anangodziwa kusita basi."

Ndinafika pa khomo thovu lili m'manja. Anali atafinyira kale mankhwalawo pa chimbale, akupaka ndi chala kuchokera pakati kupita kumphepete, lilime lili panja.

"Chisiyeni, asisi, mungachiononge," ndinatero.

"Ndichiononge chinafa kale? Inu kachapeni uko, zachipatala tisiyireni madokotala."

Mwana wanga anaseka. Ndikanatha kuchilanda. Ndikanatha kunena kuti magetsi atsala pang'ono kutha. Koma kunali kuwonjezera bodza pa bodza, ndipo ndinangoima pa khomopo n'kumaonerera. Mnzangayo anatsuka chimbale pa mpopi, nachipukuta ndi nsonga ya chitenje, nachiuzira mpweya, nachilowetsa. Ndiulule apa chimene sindinauzepo munthu: ndinapemphera kuti chisagwire ntchito. Ine, amene ndimatsogolera mapemphero a amayi Lachinayi, ndinapempha Mulungu wa choonadi kuti aphimbe bodza langa.

Mnzangayo anathamangitsa filimu mpaka pa mlatho. Chithunzi chinanjenjemera, chinaima pang'ono, kenaka phazi la mtsikana uja linasuntha. Anawoloka mlatho wonse, mfumukazi ikulira kumbuyo. Anatsika m'mitambo, nathamanga mu msewu wa kwawo. Bambo ake anakweza maso, nsapato inagwa pansi. Apa panalibe chofunika kumasulira.

"Mwaona?" anatero mnzangayo akuomba m'manja. "Kwawo ndi kwawo! Asisi, mundigulire fanta, ndachiritsa wodwala." Anatuluka akuseka, osadziwa chimene wachita, ndipo sindinamuimbepo mlandu.

Tinatsala awiri. Nyimbo yomaliza inkalira, mayina akukwera pa kanema. Mwana wanga sanandiyang'ane.

"Inu munaionapo mpaka kumapeto?"

"Eya."

"Kangati?"

"Kambirimbiri, mwana wanga."

Sanalire, sanakalipe. Ndinagwada pamaso pake pa simenti, manja anga akadali onyowa, n'kunena kuti ndinanama chifukwa ndinkafuna kuti akhale, ndipo ndachimwira iye ndi Mulungu. Ndinamupempha kuti andikhululukire.

"Dzukani, amayi," anatero motsitsa mawu. "Chitseko chili chotsekula, anthu akuonani."

Ndinadzuka. Iye anapita pa shelefu, natenga madiresi aja, nayamba kuwapinda bwinobwino, manja kaye kenaka pakati, monga anamuphunzitsira mkulu wanga.

"Ndikufuna kwathu," anatero.

Masiku anayi otsalawo sindinamunyengerere. Ndinalibe pakamwa pochitira zimenezo. Mawu alionse okoma amene ndikanayankhula, iye akanayenera kuyamba wawayeza ngati ndi oona, ndipo ndine ndinamuphunzitsa kutero. Ndinaimbira mkulu wanga n'kumufotokozera za bodza lija. Anapuma mozama, nati, "Ine sindinamutume kanthu, mng'ono wanga. Umubweze, ndidzakulerera." Ndinkadziwa kuti akunena zoona, ndipo zimenezo sizinachepetse ululu.

Ndinamuperekeza ku basi m'mawa, mvula ikuwaza. Mayi uja anamukhazika pa zenera, chikwama pamiyendo. Basi itayamba kuyenda anakweza dzanja kamodzi. Ndinayenda nayo pambali mpaka pa geti, pamene mlonda anandibweza. Ndinakwera tekisi ya ku Springs, chifukwa abwana anali atabwerako kunyanja ndipo zochapa zinali mulu.

Pali funso limene ndakhala nalo zaka zonsezi. Kodi ndikanamuuza zoona tsiku loyamba lija, akanakhala? Mwina ayi. Mwina mtima wake unali ku Dedza kuyambira pachiyambi, ndipo madiresi a pa shelefu aja kunali kungogonja kwa mwana amene wauzidwa kuti umu ndi mmene nkhani zimathera. Kapena mwina akanandikhulupirira, n'kudzabweranso tchuthi china mwa kufuna kwake. Ndafunsa Ambuye, sanandiyankhe, ndipo ndasiya kuwaumiriza. Ndimakumbukira mayi wa m'Malemba amene anaika khanda lake m'kadengu pamadzi, ndipo Mulungu anakonza kuti aitanidwe kudzaliyamwitsa yekha. Ine ndinaika wanga pamadzi, ndipo mwayi utabwera ndinautaya ndi lilime langa.

Lero ndi namwali, ali ku sekondale. Timayankhulana Lamlungu lililonse ndikachoka kutchalitchi. Amandiuza za mayeso ndi za mvula, amandifunsa za msana wanga. Ku Joni sanabwerenso, ndipo ndikamuitana amati, "Tiona, amayi." Ndikudziwa kuti Mulungu anandikhululukira, pakuti sakana mtima wosweka. Za mwanayo sindingamuyankhulire. Ndimangomutchula dzina pamaso pa Ambuye m'mawa uliwonse ndisanakwere tekisi, popeza china chimene ndingachite palibe.

Inu amene mwawerenga izi, makamaka inu amene mukulera ana a eni pamene anu akukulira m'manja mwa ena, Ambuye akugwireni dzanja. Asunge ana anu kumene maso anu safika, awadyetse, awafunditse, awatchinjirize panjira. Aike mlonda pa milomo yanu pa tsiku limene mantha adzakuuzani kuti muname. Ndipo pamene mphamvu zanu zathera, chifundo chake chikupezeni pomwepo, inu ndi a m'nyumba mwanu, kuno ndi kumudzi komwe. Ameni.